Sindinkagona ndi Katundu

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbuka. Chimene ndikukumbuka n'chakuti chimanga chinali chitafika m'mawondo, ndipo ine ndinaima pakati pa munda, khasu lili paphewa, n'kumawerenga miyezi yotsala kuti tikolole. Inali itatu, koma kwa ine inkaoneka ngati msewu wopanda mathero. Bambo anga anali atamwalira chilimwe cham'mbuyo mwake akudikira kuti mtengo wa fodya ukwere, mabelo awo akuchita nkhungu m'chigafa. Pamaliro pawo ndinalumbira chamumtima kuti ine sindidzadikira kanthu. Choncho ndinasiya khasu pamzere, ndinatsuka miyendo kudambo, n'kukwera lole yoyamba imene inaima pamsewu.

Inakanditsitsa patawuni ina ya pamphambano. Matawuni otere ndawaona ambiri moti masiku ano amasakanikirana m'mutu mwanga: siteji ya basi, chigayo cholira, mtengo wa mkuyu, ndi munthu wina akusesa fumbi limene mphepo ikulibweza pomwepo. Pansi pa mkuyu wa tawuni yoyambayi panali mayi wina wamfupi, wamawu okalipa ngakhale akuseka. Anali mayi Nasibeko. Ntchito yawo inali yopikula tomato kwa alimi m'bandakucha n'kumugulitsa kwa eni malole dzuwa lisanafike paliwombo.

"Ukufuna ganyu kapena ukufuna kudziwa?" anandifunsa.

"Kudziwa, mayi."

"Ndiye mawa ubwere tambala woyamba akalira. Usadye kanthu mpaka titagulitsa dengu loyamba. Ukakhuta uyamba kusinza, ndipo mtengo wabwino udutsa iwe uli m'tulo."

Ndinakhala nawo zaka ziwiri, mwina zitatu. Mayi Nasibeko mtengo ankaumva ndi makutu. Kusanache ankaima phee pamphambano, mutu atapendeketsa. Akamva mabelu ambiri a njinga akutsika kumapiri, ankadziwa kuti tomato wachuluka ndipo mtengo ugwa. Akamva malole akubangula kuchokera kumzinda, ankamanga chitenje molimba, podziwa kuti ogula achuluka. Anthu a ntchito yathu sitinkafunsana kuti mwadzuka bwanji. Moni wathu unali wakuti, "Lero zili pa zingati?"

Pofika masana zonse zinali zitatha. Tinkatsuka madengu, n'kudya chakudya chathu choyamba, kenaka n'kukhala pansi. Nthawi imeneyo ndiyo inkandivuta. Mlimi akaweruka amakhala ndi munda woti auganizire. Ife tinalibe kanthu. Tinkangokhala pamthunzi, kuyang'ana mthunziwo ukutalika, kudikira kuti kuche.

Tsiku lina ndinaoda madengu asanu ndi atatu ndi ndalama zangazanga. Dzuwa litakwera pang'ono, mwini lole wina anandipatsa mtengo wokhala ndi kaphindu kochepa. Ndinakana, chifukwa ndinali nditamva mphekesera yakuti malole atatu ali m'njira. Masana anakwana, malole osaoneka. Madzulo ndinafunditsa madenguwo ndi masaka. M'mawa mwake njinga zinatsika zambiri kuposa masiku onse, ndipo tomato wanga anali atayamba kale kukha madzi pansi pa madengu. Pofika tsiku lachitatu anali wa ntchentche.

Mayi Nasibeko sanandinyoze. Anandithandiza kukamutaya kudzala.

"Unamukonda tomato uja," anatero tikubwerera. "Ndinakuona ukumusisita ngati mwana. Ife sitigona ndi katundu, mwanawe. Ukaona kuti zakukana, gulitsa ngakhale motaya, usambe m'manja, uzipita. Usacheuke."

Mawu amenewo ndinawasunga bwino kwambiri, kuposa mmene iwo ankafunira.

Patapita nthawi ndinamva kuti kumalire a dziko kuli katundu wosaola. Ndinakwera lole ina.

Tawuni ya kumalire inali ndi siteji ya basi, chigayo ndi mkuyu, koma msewu wake unkathera pamlatho. Kutsidya kwa mlathowo kunali dziko lina, la ndalama zina. Pansi pa mkuyu panali bambo wina wachikulire amene sankavula jekete yake ya matumba ambiri ngakhale kutenthe chotani. Anali a Kalimanjira, osintha ndalama.

"Ukufuna ntchito kapena ukufuna kudziwa?" anandifunsa.

"Kudziwa, bambo."

"Ndiye uyambe n'kuphunzitsa nkhope yakoyo kukhala chete. Panopa ikulankhula kwambiri."

Kumeneko mtengo unkasintha katatu patsiku: basi yam'mawa ikafika, malole amasana akafola, ndi madzulo amalonda akamabwerera kwawo. Ndinaphunzira kuwerenga ndalama ndi chala chachikulu maso ali pamanja a munthu winayo. Ndinaphunzira kuima msana uli kumtengo, kumwa tiyi choimirira, ndi kusaseka munthu akalakwitsa kuwerenga mondikomera. Chipata cha pamlatho chisanatsekedwe, aliyense ankaonetsetsa kuti ndalama zakutsidya wazigulitsa zonse.

Pakhonde la sitolo ina yoyang'anana ndi mkuyu panali telala wamkazi, dzina lake Esinati. Ndinapita kwa iye kuti andisokere thumba lamkati m'thalauza. Anandiuza kuti ndibwere Lachinayi. Ndinati ndikulifuna lero lomwe. Iye anaseka osakweza mutu, phazi likupondabe makina.

"Anthu a pansi pa mkuyu nonse mumafuna lero. Lachinayi, achimwene."

Ndinabwera Lachinayi. Ndinabweranso Lachisanu ndilibe chosoketsa. Chaka chisanathe malume ake anabwera kuchokera kumudzi, a Kalimanjira anandiimira ngati nkhoswe, ukwati unamangidwa. Mwana wathu wamkazi anabadwa nyengo ya mango, ndipo tinamutcha Ndaziona, dzina la agogo ake a Esinati. Zaka zimenezo zinali zofatsa. Ndikaweruka ndinali ndi kopita. Ndinkakhala pakhonde paja, makina akulira, mwana akukwawa pakati pa zidutswa za nsalu n'kumaziika kukamwa.

Ndiye dzinja lina mvula inagwa kumapiri masiku asanu osakata. Tinkaona mtsinje ukukwera, koma tinkasinthabe ndalama poti mabasi ankawolokabe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, masanasana, mlatho unabuula ngati ng'ombe yodwala n'kupita ndi madzi. Aliyense wa ife anali ndi ndalama zakutsidya zodzaza m'matumba, zoti agulitse madzulo. Palibe amene analakwitsa kanthu. Kungoti wogula panalibenso. Mlatho watsopano unatenga miyezi, ndipo pamene unkatha, ndalama zakutsidya zija zinali zitachepa mphamvu kwambiri.

A Kalimanjira ankabwerabe pansi pa mkuyu m'mawa uliwonse, jekete ili yotupa, n'kukhala moyang'ana madzi. Tsiku lina anandiuza kuti, "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuopa akuba ndi ndalama zachinyengo. Mtsinje sindinauganizirepo." Ndinawayang'ana, ndipo ndinaona kuti nkhope yawo yayamba kulankhula.

Mwa anthu amene anasowa powolokera munali bambo wina wansapato zowala, amene ankangoyang'ana foni tsiku lonse. Anali a Dzimbiri. Anandionetsa timizere tokwera ndi totsika pagalasi la foniyo. Anati umenewo ndi msika wa golide, mafuta ndi ndalama za mayiko akutali, ndipo munthu amagula ndi kugulitsa ali pampando, katunduyo osamukhudza n'komwe. Iwo ankaphunzitsa ntchitoyi mumzinda.

"Msika uwu suola, sukokoloka," anatero.

Kuti ndilipire maphunziro ndi kukhala ndi poyambira, panafunika kugulitsa makina osokera. Ndinapempha Esinati katatu. Kachitatuko anaika dzanja pagudumu la makinawo.

"Ndigulitsa chifukwa mwandipempha katatu, bambo a Ndaziona. Koma mudziwe kuti ndikugulitsa manja anga."

Mzinda unali ndi masiteji ambiri ndi zigayo zambiri, koma mkuyu wake unali utadulidwa, ndipo pachitsa pake pankakhala wogulitsa mayunitsi. Tinapeza kachipinda kakang'ono kumapeto kwa mzinda. Esinati anayamba kuchapira anthu zovala. Ine ndinakwera masitepe opita kuchipinda cha a Dzimbiri, pamwamba pa sitolo yogulitsa penti.

"Ukufuna kulemera kapena ukufuna kudziwa?" anandifunsa.

"Kudziwa, bwana," ndinayankha. Ulendo uno ndinanama.

Tsiku lathu linkayenda motere. Kudzuka 4 koloko m'mawa, kusamba madzi ozizira kuti mutu uyere. Kuwerenga pafoni nkhani za mayiko amene sindidzawaona: kumene kwabuka nkhondo, kumene mkulu wa banki alankhule lero. Kulemba m'kope zimene ndikufuna kuchita, ndi malire a ndalama zimene ndingalole kutaya. Malirewo tinkawatcha mpanda, ndipo tinkawaika mumsikamo kuti zinthu zikatembenuka, malonda atsekeke okha. Kenaka kuyenda wapansi mpaka kuchipinda chija, pawabanki yotchajira foni ili m'thumba poopa kuzima kwa magetsi.

Tinalimo anthu khumi ndi awiri pamabenchi, ena ndi malaputopu, ambirife ndi mafoni. Pagalasi pankaoneka timizere tonenepa timene tinkatitcha timakandulo, tobiriwira mtengo ukamakwera, tofiira ukamatsika. Cha m'ma 10 koloko msika wa ku Ulaya unkatsegulidwa, ndipo m'chipindamo munkati zii, kumangomveka kupuma kwa anthu. Cha m'ma 3 koloko wa ku Amereka unkatsegulidwa, timakandulo n'kuyamba kuphiriphitha ngati nsomba pamtunda. Dzuwa lisanalowe aliyense ankatseka malonda ake onse.

Madzi tinkamwa pang'ono poopa kupita kuchimbudzi mtengo ukuyenda. Chakudya chathu chinali mandasi, odyedwa ndi dzanja lamanzere. Misana inkauma, maso n'kufiira, fungo la penti likukwera kudzera m'matabwa. Ndikafika kunyumba timakandulo tija ndinkationabe, pakhoma, m'madzi osamba, pachitenje cha Esinati. Loweruka ndi Lamulungu msika unkatsekedwa, ndipo masiku amenewo ndinkazungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. M'tchalitchi ndinkajambula mizere kumbuyo kwa buku la nyimbo.

A Dzimbiri anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza m'mawa uliwonse. "Ukaluza katatu, dzuka, tsika masitepe, ukayende. Usalimbane ndi msika kuti ubweze zako. Msikawo sukudziwa n'komwe kuti iwe uliko."

Pafupi nane pankakhala a Gedioni, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu waulemu amene ankavala shati imodzimodzi ya mizere chifukwa tsiku limene anapambana koyamba anali atavala imeneyo. Ankalankhula ndi galasi monong'ona, ngati akuchonderera mwana wasukulu. "Tsika, mwanangu. Tsikako pang'ono." Tsiku lina analuza katatu, koma sanadzuke. Analuza kachinayi, kachisanu. Pofika madzulo ndalama zawo zonse zopumira pantchito zinali zitapita. M'mawa mwake anabwera pa nthawi yake, shati itasitidwa bwino, n'kukhala pabenchi pawo. Analibe choika mumsika. Ankangosuzumira mafoni a anthu ena, milomo ikugwedera. Anabwera choncho miyezi ingapo, ndipo palibe amene anawathamangitsa. Palibenso amene ankawayang'ana.

Ine ndinkapambana lero, mawa n'kuluza, mkuja n'kupambana. Ndikaphatikiza m'kope kumapeto kwa mwezi, ndinkapeza kuti amene akutidyetsa ndi Esinati ndi zochapa zake. Ndalama iliyonse yopezeka pakhomo ndinkaiika m'foni mwanga, ndinkati ndiisunge, kenaka inkapezeka mumsika.

M'mawa wina Ndaziona, amene tsopano anali ndi zaka zisanu, anadzuka thupi likutentha. Ankalira kuti mutu ukumupweteka, ndipo ankabisa maso kuopa kuwala kwa pawindo. Ndinamugwira pachipumi ndi dzanja limodzi, lina lili ndi foni.

"Ndi malungo chabe. Mumwetseni mapiritsi aja."

"Bambo a Ndaziona, mwanayu sakutembenuza khosi. Tisiyireni ya galimoto."

"Zonse zili mumsika. Zikavuta mundiimbire, nditumiza."

Tsikulo ndinali ndi chikhulupiriro chakuti golide atsika mtengo. M'ntchito yathu munthu amatha kugulitsa chinthu chimene alibe, n'kudzachigula chitatsika, phindu lili pakatipo. Ndinaikapo zonse zimene ndinali nazo, ndipo mpanda ndinauchotsa, chinthu chimene a Dzimbiri ankaletsa. 3 koloko itakwana, kandulo yofiira inatsika, yaitali ngati chala. Nthawi yomweyo foni inalira, dzina la Esinati n'kuphimba galasi lonse. Ndinadula. Ndinati mphindi zisanu zokha. Kandulo ina inatsika pansi pa yoyambayo. Foni inaliranso, ndinadulanso. Mtengo unabwerera m'mwamba pang'ono, ndipo foni italira kachitatu ndinadula mokwiya. Inalira kasanu ndi kawiri. Kenaka inaleka.

Ndinatseka malonda dzuwa litapendeka. Ndinali nditapambana kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Anzanga anaomba m'manja, a Dzimbiri anandigwira paphewa, a Gedioni anagwetsa misozi ngati apambana ndi iwo. Ndinatsika masitepe ndikuimba mluzu, ndipo pansi pake m'pamene ndinaimbira Esinati. Anayankha ndi mayi wina amene sindinkamudziwa. Anati mwini foniyo ali mkati ndi adokotala, ndipo wamusungitsa chikwama.

Ndinamva pambuyo pake mmene zinayendera. Masana mwana anayamba kukomoka. Esinati anagogoda kwa oyandikana nafe, onse anali kuntchito. Wakabaza amene anamupeza anafuna ndalama kaye. Ndiye anabereka mwana kumsana n'kuyamba kuyenda, akuimba foni panjira. Anayenda maola awiri. Pofika kuchipatala mwana anali atasiya kulira.

Anali matenda oumitsa khosi. Adokotala anati mwana apulumuka. Anatinso matendawa amathamanga ndi maola, akundiyang'ana ine. Ndaziona anagona masiku asanu ndi anayi. Tsiku limene anadzuka n'kupempha phala, mbale yachitsulo inagwa pansi kumbuyo kwake. Aliyense m'wodimo anadzidzimuka. Iye yekha anapitiriza kuyang'ana sipuni.

Esinati sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anandiuza tili panja pa chipatala, akupinda kansalu ka mwana.

"Foni ikalira yokha mpaka kutha imamveka mwa mtundu wina, bambo a Ndaziona. Ikadulidwa imamvekanso mwa mtundu wina. Ine ndinali panjira, mwana ali kumsana, ndipo chala chanu ndinkachimva."

Malume ake anabwera kudzawatenga. Ndinawaperekeza kusiteji nditanyamula katundu wawo. Ndaziona anandiyang'ana pawindo la basi, kamwa lili yasa, ngati akudabwa kuti bwanji dziko lonse lasiya kulankhula. Basi itanyamuka ndinachita zimene ndinkazidziwa. Ndinatembenuka, osacheuka. Lolemba, 4 koloko m'mawa, ndinadzuka n'kusamba madzi ozizira.

Ndalama za tsiku lija zinatha mwezi usanathe. Ndinkalimbana ndi msika ngati kuti ndi umene unandilanda mwana, ndipo ndikaluza katatu sindinkadzuka. Kenaka mwini sitolo ya penti anafuna chipinda chake, a Dzimbiri anasamukira kwina, mabenchi anagulitsidwa. Ndinakwera lole ina.

Zaka zotsatira sindingathe kuziika mundondomeko. Ndinayenda m'midzi ndi m'matawuni ang'onoang'ono, foni ndi kope zili m'thumba. M'mudzi uliwonse muli malo amodzi pamene netiweki imagwira: pachulu, kuseri kwa tchalitchi, pamwala wa pafupi ndi manda. Ndikafika pamudzi ndinkafunsa kaye malo amenewo ndisanapemphe madzi akumwa. Foni ndinkatchajitsa kwa ometa tsitsi. Ndinkakhala pachulu kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka, nyerere zikundikwera m'miyendo, mbuzi zikundiyang'ana. Nthawi zina ndinkadzuka pachulupo osadziwa ngati mudzi uno ndi wa dzulo kapena wa chaka chatha. Mkuyu unali womwewo, wosesa fumbi anali yemweyo, nkhope yokha ndiyo inkasintha, ndipo nkhope sindinkaziyang'ana.

Anthu ataona munthu akukhala ndi foni tsiku lonse koma akudya, anayamba kundifunsa. Ndinazindikira kuti kuphunzitsa kumalipira kuposa kugula ndi kugulitsa. Ndinkawakhazika pansi pa mtengo n'kuwafunsa kuti, "Mukufuna kulemera kapena mukufuna kudziwa?" Anthu akumudzi sanama pafunso lotere. Onse ankati kulemera.

Kumudzi wina wa kumapiri, mlimi wa kachewere, bambo wa ana asanu, anaika mumsika ndalama zake za feteleza. Ndinamuuza za mpanda, ndinamuuza za kuluza katatu, koma ndinamuuzanso za tsiku limene ndinapambana, ndipo iye anamva chomalizachi. Zinatha masana amodzi. Anabwera pachulu panga atavula chipewa. Sanandimenye, sanatukwane.

"Aphunzitsi, ndiye zapita kuti? Wazitenga ndani, ndikamupemphe? Mwina ndi munthu womva."

Ndinanyamuka m'mawa mwake mudzi usanadzuke. Kumudzi wotsatira ndinakhazikanso anthu pansi pa mtengo.

Ndiye tsiku lina, nyengo ya mphepo, lole imene ndinakwera inafera panjira. Oyendetsa anati chitsulo chake chichokera kutali, tigona pomwepo. Ndinatsika n'kulowera kumudzi umene unkaoneka chapafupi, kuti ndikafunse pamene netiweki imagwira. Pamjigo panali amayi atatu. Ndinafunsa funso langa maso ali pafoni. Awiri analoza kuchitunda. Wachitatu anatula ndowa pansi.

"Mwafika," anatero.

Anali Esinati. Anali atanenepa pang'ono, ndipo ananena mawuwo ngati kuti ndinachoka m'mawa womwewo. Ndinkadziwa dzina la mudzi wakwawo, koma pa zaka zonsezo ndinali ndisanafikeko, ndipo sindinawerenge chikwangwani pamsewu. Anasenza ndowa n'kundiuza kuti ndimutsatire.

Pakhomo pake panali bambo wina akupala thabwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Anali a Kamtedza, kalipentala, mwamuna wake. Esinati anawauza kuti ndine yani. Iwo anaika chopalira pansi, anapukuta manja, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Ananditulutsira mpando umene anapanga okha.

"Khalani, achimwene. Mwana wanu wakula, ndipo ali ndi mutu. Masamu palibe womuposa m'kalasi mwawo. Aweruka posachedwa."

Ulemu wawo unandiwawa kuposa ndodo. Ndinakhala pampandopo, ndipo nthawi ya msika wa ku Amereka itayandikira, dzanja langa linalowa lokha m'thumba.

Anafika atanyamula mabuku pachifuwa, mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi zitatu, wa chipumi cha bambo anga. Mayi ake anamugwira paphewa kuti atembenuke, n'kumulankhula pang'onopang'ono akumuyang'ana kumaso. Mtsikanayo anaika mabuku pakhonde, anabwera, anagwada, n'kundipatsa moni. Mawu ake ankatuluka okwera pang'ono ndi osalala, ngati a munthu wolankhulira m'mtsuko. Esinati analowa m'nyumba. A Kamtedza ananyamula thabwa lawo n'kupita nalo kuseri.

Ndaziona anakhala pansi patsogolo panga, miyendo atapinda.

"Amayi anandiuza zonse nditafika Sitandade 5. Ndinawafunsa ndekha. Koma chinthu chimodzi iwo sakuchidziwa. Tsiku lija, munapambana?"

Ndinayankha maso ali pansi. Kenaka ndinamva zala zake, zozizira ndi mphepo, zikundikweza chibwano.

"Muzindiyang'ana. Mukayang'ana pansi sindimva."

Ndinamuyang'ana. Sindikudziwa kuti panali patapita zaka zingati chiyang'anire munthu kumaso mpaka kuona mtundu wa maso ake. Pansi pa diso lake lamanzere panali kachipsera kamene sindinkakadziwa.

"Ndinapambana," ndinatero.

"Zingati?"

Ndinamuuza. Nambalayo ndinali ndisanaiiwale. Anaibwereza ndi milomo yokha, maso ali m'mwamba, ngati akuwerengera samu ya m'kalasi.

"Mbuzi ziwiri," anatero. "Mwina zitatu, zikakhala zazing'ono."

Sananene mokwiya. Anangopeza yankho la samuyo n'kuliika pansi pakati pathu. Ndinafuna kumuuza kuti nthawi imeneyo ndalamazo zinali ndi mphamvu, kuti sindinkadziwa, kuti ndinkati mphindi zisanu zokha. Koma mawu otere amatuluka munthu akayang'ana kumbali, ndipo iye anali asanachotse maso pakamwa panga.

"Mawu anu sindiwakumbuka," anatero. "A amayi ndimawakumbuka pang'ono, akuimba. Anu ayi. Tchulani dzina langa, ndione mmene mumalitchulira."

Ndinalitchula. Milomo yanga inali itauma moti linatuluka lopunduka.

"Kachiwiri."

Ndinalitchulanso, pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha. Anayang'anitsitsa mpaka ndinatseka pakamwa. Kenaka anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira katundu wake n'kumusunga pamalo.

"Ababa amatsegula pakamwa kwambiri kuposa inu," anatero, akuloza ndi chibwano kuseri kumene chopalira chinkalira. "Koma ndamva."

Anadzuka, anasasa fumbi pasiketi, n'kutola mabuku ake pakhonde. Atafika pachitseko ndinamuitana kachitatu, mokweza, ndi mawu onse amene ndinali nawo. Nkhuku zinabalalika pabwalo. A Kamtedza anasiya kupala. Iye anali atandipatsa kale msana, ndipo analowa m'nyumba.